Tsamba la Bambo

4 Meyi

Okondedwa Bambo,

Choyamba ndifunse za moyo wanu. Chifuwa chija chinatheratu? Achimwene ndi alamu ali bwanji? Ine kuno ndikudzuka ndithu, kungoti pakamwa panga pandigwetsera m'dzenje, ndipo ndakukokerani momwemo inunso.

Paja mukudziwa kuti pa ntchito pano timakulunga ndudu zikuluzikulu zija, za masamba okhaokha, zopanda pepala. Tilipo anthu khumi ndi awiri, aliyense ndi tebulo lake, mpeni wake ndi chikombole chake chathabwa. Masamba a m'kati timawatcha matumbo, lomanga matumbowo timati lamba, ndipo lakunja losalala lija timati malaya. Malaya ndiye amagulitsa ndudu, chifukwa munthu amayamba waona asanalawe.

Ndiye Lachiwiri abwana athu analowa atachita tsinya. Tikakhala patokha timawatcha a Chiphulusa, poti sayang'ana munthu kumaso, amangoyang'ana phulusa la ndudu yawo. Akuti masamba a malaya amene anaitanitsa afika atachita chuku, mabelo onse atatu. Pomwe pa 14 Ogasiti kukubwera mlendo wogula zambiri, amene akufuna kulawa ndudu yatsopano, yodula kuposa zonse za m'nyumba muno. Ine ndiye, mwana wa inu, n'kutsegula pakamwa: "Bambo anga amavundika tsamba loposa limenelo."

Bambo, ndinamva mawuwo akutuluka ngati akunena ndi munthu wina. A Chiphulusa anati, "Libwere. Ukulunga wekha ndudu makumi awiri. Likakoma ndigula mulu wonse. Likandichititsa manyazi pamaso pa mlendo, unyamule mpeni wako, patebulopo pakhale wina."

Chonde nditumizireni mitolo inayi ya pakati pa mulu, mupatsire dalaivala wa basi ya m'mawa. Ndudu ikakulungidwa imayenera kugona m'bokosi masabata awiri, ndiye pofika kumapeto kwa Julayi ndikhale nditamaliza. Sindikukayika tsamba lanu ayi. Ndikungoopa manja angawa.

Ndine mwana wanu wa pakamwa.

19 Meyi

Chemwali,

Moni. Tonse tili bwino, mbuzi yamawanga ija yaswa awiri. Alamu ako akuti nsalu ija inafika, zikomo.

Mitolo inayi ndi imeneyo. Bambo anena okha kuti mulu wapsa, ndipo asankha okha masambawo. Ine ndangomanga ndi kunyamula, sindinanenepo kanthu.

Koma iwe, usanapereke kwa abwana akowo, uyambe wanunkhiza wekha. Ndangonena.

Achimwene ako.

1 Juni

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine chakudya sichikulowa.

Katundu anafika. Nditamasula, anzanga onse anasiya mipeni kudzaona. Tsamba lokongola abale, lofiirira ngati uchi wakale, lonyezimira mafuta, mitsempha yake yopyapyala. Nditalitambasula linkatamuka osang'ambika. Mayi amene ndimakhala naye tebulo loyandikana anati, "Awa ndiye malaya a ukwati." Ndinayenda monyada tsiku lonse.

Koma fungo linandidodometsa pang'ono. Ndinati mwina ndi la thumba. Ndinakulunga zisanu, ndinaziika padera, ndipo dzulo nditaweruka ndinayatsa imodzi kuseri kwa nyumba yosungira katundu. Kupsa ikupsa bwino, moto ukuyenda mofanana mbali zonse, phulusa loyera. Koma Bambo, utsi wake! Ukununkha m'khola la mbuzi, ukukereketa pakhosi, mpaka misozi. Ndinu munandiphunzitsa ndili wamng'ono kuti fungo limenelo ndi la tsamba limene latulutsidwa m'mulu lisanapse.

Ndiye mutu wanga waima. Inu simungalakwitse chimenechi, ngakhale mutatsinzina. Kodi achimwene sanasokoneze mitolo? Kapena pali milu iwiri? Ndatumiza imodzi mwa zisanu zija, ili m'kabotolo. Muiyatse mundiuze chimene chachitika. A Chiphulusa akandifunsa ndikumati tsamba likupuma kaye, koma bodza limeneli silikhalitsa.

Ndine mwana wanu.

14 Juni

Mwana wanga,

Ndalandira kalata yako ndi kabotolo kako. Ndili bwino, chifuwa chinatha kalekale, usamangondifunsa ngati ndine khanda.

Ndudu yako ndaiyatsa. Manja ako akhwima tsopano. Ndaikanikiza kuyambira kumutu mpaka kumchira, palibe pofewa, palibe pa mfundo. Msoko wa malaya sukuoneka n'komwe. Moto unayenda wowongoka, phulusa linagwira mpaka kutalika ngati chala changa chachikulu lisanagwe, ndipo ndi loyera. Phulusa loyera ndi umboni wa dothi langa.

Tsono ukuti chavuta n'chiyani? Ndavundika fodya zaka makumi anayi. Ndikati mulu wapsa, wapsa. Mwina lilime lako lazolowera za m'tauni. Mchimwene wako sanasokoneze kanthu, umusiye. Pereka tsambalo, usachite mantha.

Bambo ako.

22 Juni

Achimwene,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinaleredwa, koma mtima wanga suli pa moni.

Mundiuze zoona. Tsamba labwino munapita nalo kuti? Bambo andiyankha kalata yonse akuyamikira phulusa ndi msoko, za fungo osatchulako ngakhale liwu limodzi. Bambo amene ankatibweza pakhomo kuti tikasambe m'manja chifukwa tagwira sopo wonunkhira? Amene ankadziwa kuti mvula ikubwera pongonunkhiza chigafa? Ayi ndithu. Akubisa kanthu, ndipo munthu amene amamubisira zolakwa chibadwire ndi inu.

Munagulitsa mitolo yakupsa kwa ogula oyendayenda aja eti? Ine n'kunditumizira zotsala, kenako n'kumati "uyambe wanunkhiza," kuti mawa mudzati ndinakuchenjeza. Asa! Ngati zili choncho nenani, ndidziwe kuti ndayamba kufuna ntchito ina. Patebulo limeneli ndinafikapo nditasesa pansi zaka ziwiri ndi kuchotsa mitsempha ya masamba zaka zitatu. Simungandidyere masuku pamutu chonchi, ine mlongo wanu.

Kwatsala masabata asanu.

Mlongo wanu.

3 Julayi

Achimwene,

Basi yafika kanayi, ine ndili pa siteji ngati wogulitsa nthochi. Dalaivala wafika pondimvera chisoni. Lero a Chiphulusa anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti, "Tsamba lija likadapumabe?" Anthu anaseka. Ine thukuta kamukamu, kunja kukuzizira.

Ngakhale mwakwiya, yankhani.

Mlongo wanu.

9 Julayi

Chemwali,

Makalata ako onse awiri ndawalandira. Yoyamba ija inandipweteka, sindinama. Ndinailembera yankho katatu n'kung'amba. Alamu ako ndi amene anena kuti, "Muuzeni, lumbiro lisaphe munthu."

Sindinagulitse tsamba ngakhale limodzi. Nkhani ndi iyi: Bambo samva fungo. Chidwalire chimfine chachikulu chija chaka chatha, mphuno sinabwerere, ndipo pakamwa pakungomva mchere ndi shuga basi. Ndinadziwa tsiku lina alamu ako atasiya mkaka pamoto n'kupita kotunga madzi. Mkaka unapserera mpaka aneba kutulukira, Bambo ali pakhonde pompo akusoka thumba, osatembenuka. Nditawafunsa anandigwira pamkono n'kundilumbiritsa kuti ndisauze munthu, makamaka iwe.

Ukudziwa m'mene amayesera mulu. Amalowetsa mkono mpaka m'phewa, amasolola tsamba la pakati, n'kudziphimba nalo kumaso. Chaka chino anachita zonsezo, anatseka ndi maso omwe, koma ine ndinaona milomo ikuwerenga. Amawerenga masiku, chemwali. Atakwana masiku a chaka chilichonse anati wapsa, phwasula. Koma chaka chino kunazizira msanga, mulu unachedwa kutentha. Ine ndinakayika, koma ndikanatsutsa ndi chiyani? Paja mphuno yanga ndi yopumira basi, unkanena ndiwe.

Chimene ndinachita ndi ichi. Theka la muluwo sindinalimange m'mabelo. Ndinaliunjikanso m'chipinda chathu chosungira makasu, ndinafunditsa ziguduli, ndipo ndakhala ndikulitembenuza Bambo akapita kudimba. Ndikuba m'nyumba ya bambo anga omwe, ndiye iwe n'kumanditchanso wakuba, mwina sunalakwe kwenikweni.

Ndatumiza timitolo titatu. Ka chingwe chimodzi ndinakatulutsa pakati pa Juni, ka zingwe ziwiri kumapeto kwa Juni, ka zingwe zitatu dzulo. Mphuno ya banja lino yatsala ndi iwe. Unene kamene kapsa, ndikutumizire mitolo yonse inayi. Bambo asadziwe.

Achimwene ako.

16 Julayi

Achimwene anga,

Ndikhululukireni. Ndawerenga kalata yanu nditakhala pa sitepe ya positi ofesi, ndinalira anthu akundiyang'ana. Ndinakunenerani zoipa pomwe inu mukusenza denga nokha. Alamu muwathokoze, ali ndi nzeru kuposa tonse awiri.

Ka chingwe chimodzi kakununkhabe khola. Ka ziwiri kayandikira, koma kakuluma kumapeto. Ka zingwe zitatu, achimwene, ndi kameneko! Nditakafungatira m'manja n'kupumiramo, ndinamva chigafa chathu chonse. Phwasulani muluwo lero lomwe usapitirire, mutumize mawa.

Koma musayambe kusangalala. Ndinakulunga imodzi n'kuwapatsa a Chiphulusa aione chabe. Anaigudubuza pafupi ndi khutu, anainunkhiza kawiri, ndipo kwa nthawi yoyamba anandiyang'ana kumaso. Akuti, "Munthu wovundika chonchi ndikufuna ndimuone. Abwere pa 14, akhale pambali pa mlendo, alawe naye limodzi, amufotokozere yekha tsamba lake." Apereka ndi tikiti ya basi yomwe, ndi iyi ndaiika m'katimu.

Mayo ine! Pa kulawa amafunsana, achimwene. Amayatsa onse pamodzi, n'kumafunsana kuti apa mukumva chiyani, nanga apa. Bambo akayankha chiyani? Akakana kubwera, a Chiphulusa akayika. Akabwera, ayaluka pamaso pa alendo, ine n'kuoneka wabodza. Tinene kuti adwala? Nanga Bambowo tiwauza kuti tikitiyi yabwera bwanji, poti akudziwa kuti ndinadandaula za tsamba? Ganizani ndinu wamkulu, ine nzeru zandithera.

Mlongo wanu.

24 Julayi

Mwana wanga,

Moni. Musavutike kupangana za matenda anga, ndili bwino, ndipo tikiti ili m'thumba la jekete langa.

Mchimwene wako sanaulule. Ndinalowa ndekha m'chipinda cha makasu kufuna nkhwangwa, ndinatsamira ziguduli, ndinamva kufunda. Mphuno inafa, koma mkono ukadali moyo. Ndinakhala pansi pomwepo mpaka iye anandipeza. Sitinakangane. Ndinamufunsa kuti watembenuza kangati, anati kasanu ndi kamodzi, ndinati wachita bwino.

Ndinakulakwira. Unandifunsa zoona, ine ndinakuyankha za phulusa, n'kunyoza lilime lako limene ndinalisula ndekha. Ndinali wokonzeka kuti utaye ntchito kusiyana n'kuti ndinene mawu atatu: mphuno yanga inafa. Ukalamba ndi woipa, koma manyazi ndi oipa kuposa.

Ndibwera pa 13. Koma ndikupempha chinthu chimodzi. Uyatse imodzi ya tsamba latsopanolo, ukhale pansi ndi pensulo, undilembere zonse zimene ukumva, kuyambira poyatsa mpaka pozima. Usadumphe kanthu, usakometsere.

Bambo ako.

1 Ogasiti

Okondedwa Bambo,

Za kulakwa tisakambenso, inenso ndinalakwira achimwene. Makumi awiri aja ndamaliza, agona m'bokosi. Ndinakulunga ina yapadera, ndipo ndi iyi ndikukulemberani. Ndamva chimene mukufuna, ndiye muloweze bwinobwino, achimwene azikufunsani ngati mayeso.

Isanayatsidwe ikununkhira udzu wouma ndi zoumba za mphesa pang'ono. Kukoka sikulimba, sikupepukanso, mpweya ukubwera wokha osalimbana nawo.

Poyamba penipeni pali katsabola kobaya kumphuno. Musadabwe, kamatha mukakoka kanayi kapena kasanu. Kakatha kumabwera fungo la dothi louma mvula yoyamba ikangogwa. Utsi ndi wochindikala, wozizira, umachedwa kuchoka m'kamwa.

Phulusa likafika ngati mfundo imodzi ya chala, imasintha. Apa munene mtedza wokazinga, wosapserera. Pansi pake pali kutsekemera kwa uchi, osati pansonga ya lilime koma kumbuyo, mukatulutsa utsi. Apa ndi pamene ndinaika pensulo pansi kwa kanthawi, chifukwa sindinalaweko tsamba lotere chiyambire ntchito.

Ikadutsa theka imalemera. Uchi umachepa, pamabwera khofi wopanda shuga ndi fungo la chikopa, ngati lamba wanu wakale uja. Kumapeto katsabola kamabwerera, koma sikawawa, ndipo pakhosi sipakereketa ngakhale pang'ono. Ndinaisiya itayamba kundiwotcha zala, patatha ola limodzi ndi mphindi khumi. Moto sunapendekere, sindinayatsenso kachiwiri.

Muziyang'ana phulusa, ndilo likuuzeni pamene mwafika. Mlendo akafunsa zimene sizili papepalali, mukhosomole, ine ndiyankha. Bambo, ndikuopa. A Chiphulusa sapusitsika, ndipo akatigwira bodza ndiye kwatha. Koma njira ina sindikuiona.

Ndine mwana wanu.

15 Ogasiti

Achimwene,

Moni nonse. Ndikudziwa mitima ili m'mwamba, ndiye ndiyambe ndi mutu: tebulo langa ndikadali nalo, ndipo mulu wanu uja augula wonse. Za chaka chamawa a Chiphulusa angoti tiona. Koma imvani m'mene zinayendera.

Tinakhala mu ofesi ya pamwamba, mawindo otseka kuti mphepo isasokoneze moto. Mlendo, womasulira wake, a Chiphulusa, Bambo m'jekete lawo, ine nditaima pafupi ndi chitseko ndi bokosi. Bambo anatenga yawo, anaikanikiza, anadula mutu bwinobwino ngati amachita tsiku lililonse. Anayatsa onse atatu. Ine ndikuona nsonga ya pepala langa ikusuzumira m'thumba la jekete, ndikupemphera kuti aikankhire m'kati.

Patapita kanthawi mlendo anayankhula, womasulira n'kuti, "Akufunsa mwini tsamba, mukumva chiyani apa?" Mumtima ndikuti katsabola, Bambo, katsabola, kenako dothi. Bambo anayang'ana phulusa, anaika ndudu m'mbale, n'kunena kuti, "Muwauze kuti sindikumva kanthu. Mphuno yanga inafa chaka chatha. Tsambali ndinalima ndine, koma ndinalitulutsa lisanapse. Analipulumutsa ndi mwana wanga wamwamuna, ndipo amene ananena kuti tsopano lapsa ndi uyo waima pakhomoyo. Mufunseni iyeyo."

Achimwene, ndinafuna nthaka ing'ambike. Womasulira anayang'ana a Chiphulusa ngati akupempha chilolezo. A Chiphulusa nkhope gwa, anangoti, "Masulira zonse." Kenako anatembenukira kwa ine: "Iwe, unkadziwa?" Ndinati eya. "Ndiye tsamba lija linkapuma?" Ndinati ayi bwana, linali losapsa. Ndinayamba kuganiza kuti mpeni wanga ndiukulunga m'chiyani.

Anatiombola ndi mlendo. Iye nkhani zathuzi analibe nazo ntchito, ankangosuta, maso ali pa moto. Anandikodola, anandipatsa mpando, n'kuyamba kundifunsa ine. Ndinayankha, iye akugwedeza mutu. Pa mtedza tinagwirizana, pa uchi anati iye akumva shuga wopsereza, tinatsutsana pang'ono mpaka anaseka. Anaisuta mpaka inatsala kachidutswa kosagwirika, n'kupempha kuti zotsalazo apite nazo. Potuluka a Chiphulusa anandinong'oneza kuti, "Ukadzandinamizanso, ngakhale tsamba likome bwanji, udzapita." Ndinavomera, sanalakwe.

Tili panjira yopita kunyumba ndinalephera kupirira. Ndinati, "Bambo, mukanandipha ndi mantha. Ngati munali mutaganiza kale zonena zoona, munandilembetseranji zonse zija? Ine kuswa mutu kuti muloweze!"

Anaima pakati pa msewu, anthu akutilambalala, anagwira thumba la jekete lija. Anati, "Sindinapemphe kuti ndiloweze, mwana wanga. Ndimafuna ndidziwe chimene ndalima."

Akwera basi ya Lachinayi m'mawa. Mukawachingamire pa siteji, miyendo yawatupa ndi ulendo, ndipo musawalole kunyamula chikwama.

Mlongo wanu.